Kokonati Womira wa ku Kasavgad

Tandiuzani inu ophunzira: ali ndi maso atatu koma saona, ndevu ali nazo koma sanafunsirepo mbeta, amayenda ndi madzi m'mimba koma sanamwepo, ndipo ukamuponya m'nyanja amakana kumira. Ndani ameneyu? Musakande m'mutu mpaka kutuluka magazi, ndi kokonati. Ngakhale mbuzi ya kwathu ikanayankha. Funso lenileni ndi ili: nanga wathu uja anamira bwanji, kawiri konse, chilumba chonse chikuonerera?

Ine ndine Rakhma. Ku Kasavgad aliyense ankanditcha Azakhali, ngakhale nkhalamba zondiposa, chifukwa mlongo wanga ndiye anali mkulu wa zombo zankhondo, ndipo mwana wake Thaku ndinamulera ndine. Kulemba ndinaphunzira mosuzumira pakhomo pa wansembe, ndiye zilembo zikapendama musadabwe, mwini wakene ndinapendama kale.

Chilumba chathu ndi thanthwe lovala linga. Chomera pamenepo ndi ndere ndi miseche basi. Mpunga, mawere, nkhuni, zonse zinkabwera pabwato kuchokera kumtunda, ndipo mtundawo unkaoneka bwinobwino ukaima pamwamba pa linga. Unkatha kuona ngakhale utsi wa anzathu akuphika.

Mlongo wanga atamwalira wopanda mwana wamwamuna, mfumu inapereka zombo kwa mkamwini wathu, Bhikaji, mwamuna wa Thaku. Ameneyu anali wa kumapiri, munthu wa akavalo. Panyanja anayendapo kamodzi, pobwera kudzakwatira, ndipo anatsika m'bwato nkhope ili ngati tsamba la nthochi. Koma pakamwa, abale! Ndevu zake zinali zopota ngati nyanga za njati, ndipo akayamba kuzisisita unkadziwiratu kuti Apwitikizi ayamba kufa. Lero aphedwa asanu, mawa omwewo asanduka khumi ndi awiri. Ine ndinkangomuthirira mowa wa kanjedza n'kumati, "Akamwini, siyaniko ena oti ana anu adzaphe."

Nyengo yamvula nyanja yathu imachita misala. Zombo zonse timazikokera pamchenga wa padoko n'kuzifolera, ndipo palibe amene amaika ngakhale nkhafi m'madzi mpaka mwezi wa Shiravani utakhwima. Tsiku limenelo mkulu wa zombo amaponya kokonati m'nyanja, wopakidwa chikasu ndi ufa wofiira. Akayandama ndiye kuti nyanja yalandira, khomo latseguka. Kenako mkazi wamkulu wa m'banja la mkuluyo amapereka kokonati wachiwiri, mkulu n'kumuswa pamphuno ya chombo chake, amalinyero n'kugawana. Mkazi wamkuluyo ndinali ine. Chibadwire changa sindinamvepo kuti kokonati wamira. Unali mwambo wovalira nsalu zatsopano ndi kudyera mpunga wotsekemera, osati wodetsa nawo nkhawa.

Chaka chimenecho bwato lomaliza la mpunga silinafike, mvula inalitsekereza. Tinapirira ndi phala lamadzimadzi, maso ali pa mwezi. Ndiye mphepo itangoyamba kufooka, tinadzuka m'mawa n'kupeza zombo zitatu za Apwitikizi, zazitali ngati akachisi, zitaponya anangula pakati pa ife ndi mtunda. Iwo alibe za kokonati. Anangokhala phee, mizinga itatiyang'ana, kudikira kuti njala iwatsegulire chipata.

Bhikaji anakwera palinga, dzanja pa lupanga.

"Zitatu zokha? Andinyoza! Mundigwire, anthu inu, ndingalumphire m'madzi n'kukazimiza ndi manja!"

Palibe anamugwira, koma sanalumphe.

Tsiku la kokonati tonse tinatsikira padoko. Zombo zinali zitavundukulidwa, zingwe zatsopano, opalasa atadzola mafuta m'mapewa. Wansembe anapemphera. Bhikaji ananyamula kokonati ndi manja awiri, n'kuponya. Chubwi! Tinadikira. Thovu linatha, madzi anasalala, kokonati osabwerera.

Ng'oma zinaleka zokha. Mayaji, nkhalamba imene inagwira chiwongolero cha mlongo wanga moyo wake wonse, inakhala pansi pamchenga.

"Nyanja yakana," anatero wansembe.

Bhikaji anadzimenya pachifuwa. "Mayo ine! Lupanga langa lili ndi ludzu, nyanja ikundimana! Anyamata, tiyeni tipite basi, zikhale zikhale!"

Ankadziwa bwino lomwe kuti palibe mmalinyero, Mhindu kapena Msilamu, amene angakwere chombo nyanja itabweza nsembe. Anthu aja saopa mzinga, koma madzi amawalemekeza. Anabwerera kumtunda kwa doko mitu ili pansi.

Patapita masiku tinayesanso. Chubwi, zii.

Apa ndiye chilumba chinachepa. Unkati ukayenda pang'ono wagunda linga, kubwerera wagundanso linga. Akazi tinkakanda nkhono pamiyala ya kunsi mpaka miyala inayera ngati yatsukidwa. Makoswe anatha. Mbuzi ija ndanena kuti ikanayankha mwambi, tinaidya, ndipo zingwe zake tinaziyang'ana kawiri. Nsomba zinkadumpha pafupi pomwepa, mabwato ali gone pamchenga, asodzi akungoziwerengera ndi maso. Masana mphepo ikatembenuka inkatibweretsera fungo la nyama yowotcha kuchokera m'zombo za Apwitikizi, ndipo ana ankaima palinga kukamwa kuli yasa, ngati angakhute mpweya. Anthu anasiya kukangana. Ine chimenechi ndicho chinandiopsa kwambiri, chifukwa Kasavgad wopanda mkangano ndi manda.

Thaku anali ndi khanda la mwezi umodzi. Mkaka unayamba kuuma. Poyamba mwanayo ankalira mpaka kutisowetsa mtendere, kenako anayamba kulira ngati kamphaka, kenako ankangotsegula kukamwa popanda mawu.

Kokonati wanga, wa pamphuno ya chombo uja, ndinkamusunga mumtsuko pansi pa mphasa. Tsiku lina Thaku anandigwira mwendo.

"Azakhali, tiyeni timupale. Timufinye, ndimwe, mwina mkaka ubwera."

"Nanga nyanja ikalandira, paswedwa chiyani? Mutu wangawu?"

"Silandira, Azakhali. Mukuona nokha."

Ndinamunyamula kokonati uja, kumugwedeza pakhutu. Khuchukhuchu, madzi ali tho. Ndinameza malovu n'kumubwezera mumtsuko. Thaku sanandiyankhule tsiku lonse, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Wansembe analengeza kuti tiyesa kachitatu, komaliza. Nyanja ikakananso, idzakhala yotseka mpaka mwezi wina ukhwime. M'nkhokwe munali mpunga woti ukanatha mwezi usanafike ndi pakati pomwe. Aliyense anadziwa tanthauzo lake: kutsegulira Apwitikizi chipata, kapena kufera m'kati. Khanda la Thaku silikanadikira ngakhale zimenezo.

Makokonati a nsembe ankakhala m'chipinda cha Bhikaji, ndipo ankawakonza yekha atatseka chitseko. Ankati mkulu wa zombo ayenera kuyankhula ndi milungu popanda akazi kutsokomola pafupi. Dzulo lake la tsiku lomaliza, masana, anapita palinga kukatukwana Apwitikizi, poti mphepo inkachokera kwa iwo ndipo sakanamumva. Ine ndinalowa ndi tsache. Sindinalowe kukafufuza kanthu ayi, ndinkafuna kuona ngati mkamwini sanabise kathumba ka shuga, chifukwa pachilumba chonse mimba yake yokha ndiyo inali isanaphwe.

Shuga sindinamupeze. Ndinapeza kokonati ali pambale yamkuwa patsogolo pa milungu, atapakidwa kale, wokongola ngati mkwatibwi. Dzanja la mkazi wa kunyanja likaona kokonati limafuna kumugwedeza, silipempha chilolezo. Ndinamutola ndi dzanja limodzi. Anandipulumuka. Gu! Pachala chachikulu cha kuphazi.

Abale, ndinaona nyenyezi masana. Ndinaluma nsalu kuti ndisakuwe, ndikudumpha ndi mwendo umodzi pamaso pa milungu yonse. Ululu utachepa ndinamunyamula ndi manja awiri. Kulemera ngati mwana wa mphero. Kumugwedeza, madzi osamveka. Ndinakanda ndi chikhadabo pa diso lake limodzi, pansi pa ufa wofiira, ndipo ndinapeza phula. Pansi pa phula, mtovu. Munthu uja ankaboola diso, kumwa madzi, n'kuthiramo tizipolopolo ta mfuti mpaka kudzaza.

Ndinakhala pansi. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kukatenga chikwanje. Tonsefe, asilikali, asodzi, mwana wake yemwe, tinali m'khola lotsekedwa ndi phula la njuchi, chifukwa bambo wa ndevu ankaopa kukwera bwato.

Mukuti ndikanathamanga n'kukakuwa pabwalo? Inu simumudziwa mkamwini wokhala ndi lupanga ndi makiyi. Akanamuponya kokonatiyo kuseri kwa linga ndisanamalize kukuwa, n'kunena kuti ine, mkazi wamasiye, ndadetsa nsembe ndi manja anga, ndiye chifukwa chake nyanja ikukana. Anthu anjala sachedwa kupeza mfiti. Ndinamatanso phula lija, kupakapo ufa, kumubwezera pambale, n'kutuluka ndikutsimphina.

Pakhomo ndinakumana naye.

"Mwatani mwendo, Azakhali?"

"Ukalamba, akamwini. Nanga Apwitikizi mwawasiya bwanji?"

"Akunjenjemera. Mawa nyanja ikangolola, mudzaona. Ine ndidzaima patsogolo penipeni pa chombo choyamba, chifuwa pamtunda. Chipolopolo chikandiona chimakhota."

"Zipolopolo zimakudziwanidi," ndinatero. "Mulumbire pamaso pa anthu mawa, kuti adzalimbe mtima."

"Ndidzalumbira kawiri!"

M'mawa kunacha bata, nyanja ili ngati mafuta m'mbale, kopanda ndi kamphepo komwe. Ndinapaka kokonati wanga chikasu ndi ufa wofiira mpaka anafanana ndi mnzake ngati mapasa. Mbale yamkuwa amanyamula ndi mkazi wamkulu, makokonati onse awiri ali pamenepo, wa nyanja kudzanja lamanja, wa chombo kumanzere. Bhikaji anaika wake yekha, n'kutsogola ndi ng'oma. Potsika masitepe a kudoko ndinaima, kutula mbale pamwala kuti ndimange bwino nsalu. Nkhalamba yotsimphina ndani angailetse kupuma? Ponyamulanso, mbale inali itatembenuka. Mbale yozungulira ilibe kutsogolo.

Ndinali kukaponyetsa m'madzi chakudya chomaliza cha m'nyumba mwathu, chomwe ndinamana mwana wa mlongo wanga. Ndipo bwanji ngati nyanja inalidi itakwiya, n'kumeza ndi wabwino yemwe? Thaku anali pambali panga, khanda lili pachifuwa, osandiyang'ana.

Anthu anaima padoko ngati mizukwa. Bhikaji anakwera pamwala, kusisita ndevu.

"Tamverani, ana a Kasavgad! Ndikulumbira pa lupanga ili ndi pa manda a apongozi anga: nyanja ikalandira lero, ine Bhikaji ndikhala woyamba kukwera, womaliza kutsika! Ndikamukoka mkulu wa Apwitikizi ndi ndevu, adzakusenzereni mpunga pamutu!"

"Lumbiraninso, akamwini, akumbuyo sanamve," ndinatero.

Analumbiranso, mokweza kuposa poyamba.

Wansembe anamwaza maluwa pa kokonati wa kumanja n'kumuloza. Bhikaji anakunga mapewa, kutambasula manja awiri ngati wonyamula mwala, n'kukweza. Kokonati anakwera mofulumira mpaka anatsala pang'ono kumugunda pamphuno. Khuchukhuchu! Madzi anamveka mpaka kwa oimba ng'oma.

Nkhope ya nthochi ija inabwerera.

"Azakhali," ananong'ona, "mwasokoneza. Wanga ndi uyo."

"Wanu uti, akamwini?" Ine ndinayankha mokuwa, ngati wogontha. "Kodi makokonati ali ndi mayina? Kapena uyo ali ndi chiyani chimene uyu alibe?"

"Ponyani, bwana," anatero wansembe. "Wadalitsidwa ndi ameneyo."

Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anamuponya, osati kutali monga mwa mwambo, koma pansi penipeni, ndi mphamvu zake zonse, ngati akufuna kumukhomera pansi pa nyanja. Chubwi! Madzi anamuthira m'ndevu. Thovu linayamba kutha.

Tumphu! Uyo, ndevu zili m'mwamba, akuvinavina pamadzi.

Phokoso limene linatuluka m'mimba zopanda kanthu zija sindinalimvenso. Ng'oma, malipenga a zigoba, akazi kululuta. Mayaji ankalira ngati mwana, akupsompsona mchenga. Amuna anathamangira kuzombo, mapewa pansi, n'kuzikankhira m'madzi. Bhikaji anayamba kubwerera chambuyo, akuti waiwala chishango kunyumba, koma opalasa anamunyamula pamapewa ndi chikondi chonse n'kukamuimika pamphuno ya chombo chachikulu.

Ine ndinakwera pambuyo pake ndi mbale, manja akuthyoka, nkhope ikumwetulira.

"Mwambo sunathe, akamwini. Nayu wachiwiri. Muswereni anyamatawa adye, ali ndi njala."

Anamulandira ngati akulandira njoka. Anayang'ana m'madzi, ndipo ndinaona manja ake akuyamba kutsetsereka dala. Koma Mayaji anali ataima pomwepo, anaikapo chikhatho pansi.

"Pang'onopang'ono, bwana, angagwe. Ii, koma kokonati uyu ndi wonona! Wamera pamtengo wanji?"

Bhikaji anamugunditsa pathabwa mofatsa ngati akugogoda pakhomo pa apongozi. Go.

"Aa, bwana!" anakuwa wopalasa wina. "Dzanja lomwe linapha Apwitikizi khumi ndi awiri?"

"Anali makumi awiri, iwe!" anatero mnzake. "Menyani, bwana, muyese ndi mutu wa mkulu wawo!"

Go.

"Kapena tiitane Azakhali akuthandizeni?"

Pamenepo manyazi anaposa nzeru. Anakweza, n'kumenya. Phwaa!

M'malo mwa madzi, mtovu. Tizipolopolo tinamwazika pamatabwa, waaa, kugubuduka mpaka kumapazi a opalasa, kulowa m'mipata, kugwera m'madzi, tho, tho, tho. Chigoba chinatsala m'manja mwake, phula likulendewera pa diso.

Mayaji anatola kachipolopolo kamodzi, kukayang'ana, kuyang'ana Bhikaji, kuyang'ana pamadzi pomwe makokonati awiri aja anamirira. Ndinaona manja a amuna ena akupita kumipeni, ndipo ndinadziwa kuti ndikachedwa Thaku akhala wamasiye dzuwa lisanakwere.

"Musadabwe, anyamata," ndinakuwa. "Kwawo kumapiri makokonati amabereka zipolopolo. Akamwini anakusungirani kuti musakasowe chowapatsa alendo aja!"

Anayamba kuseka ndi Mayaji. Kunali ngati chitseko chakale chikutseguka, kenako anagwira pamimba. Opalasa anagwera pankhafi zawo. Kuseka kunadumphira chombo china, n'chinanso, mpaka kudoko, anthu akufotokozerana, akugwetsana pamchenga. Wansembe anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Amuna anatola mtovu uja n'kuuthira m'mfuti.

"Bwana analumbira kawiri," anatero Mayaji akupukuta misozi. "Woyamba kukwera, womaliza kutsika. Azakhali, tsikani. Anyamata, nkhafi!"

Zotsalazo ndinaonera palinga. Kopanda mphepo, zombo zazikulu za Apwitikizi zinali ngati ng'ombe zomangidwa, matanga ali lende. Zathu zopalasa zinazungulira kumbuyo kwawo kumene mizinga siyang'ana, kuwalavulira mtovu wa akamwini, n'kudutsa kulunjika kumtunda. Dzuwa lisanapendeke zinabwerera njira yomweyo, zitazama ndi matumba a mpunga. Mphepo itadzuka Apwitikizi anazula anangula, poti kudikira njala ya anthu amene akuphika n'kutaya nthawi.

Pa lumbiro lake, theka lachiwiri Bhikaji analisunga: anatsikadi womaliza. Anachita kumufukula pansi pa matumba. Anaima padoko mankhusu ali m'ndevu, n'kuona kuti chilumba chonse chikumuyang'ana. Mukuganiza kuti anakhala chete? Dzanja linapita lokha kundevu.

"Mukanaona," anayamba, "m'mene mkulu wawo anandionera ine..."

"Akamwini," ndinatero, "tasunthani kaye pamphepete pamenepo. Sitikudziwa chimene mwadzaza m'mimbamo, mungatimirire."

Doko lonse linaphulikanso. Ndipo kumbuyo kwanga ndinamva kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Anali Thaku, mbale ya phala lamphamvu ili pamwendo, khanda lili kubere likukoka ngati wopalasa, iye akuseka mwamuna wake mpaka phala kumutuluka m'mphuno.